Anakuikani chitsulo pa dzanja lothyoka? Umu ndi momwe mungalibwezere pa ntchito pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene athyoka pamfundo ya dzanja, paja timavalira wotchipa, fupa limagwirana bwinobwino koma dzanja osabwerera mwakale. Mupeza munthu miyezi inayi yadutsa, X-ray ikuonetsa kuti fupa linalumikizana kalekale, koma zala zinauma gwa, kufumbata sakutha, kuti atembenuze chikhatho alandire chenji mu minibasi mpaka apotoze thupi lonse. Wina ndi uja ululu ukangochepa basi wanyamula ndowa ya madzi sabata yachitatu, fupa kusuntha, abwererenso ku fiyeta. Zonse ziwirizi zimachitikira kunyumba, osati kuchipatala. Adokotala ntchito yawo ndi kubwezera fupa pamalo pake n'kulimanga, koma kuti zala, mfundo ndi phewa zigwirenso ntchito, imeneyo ndi ntchito yanu.

Ndikunena za munthu wamkulu amene wapangidwa opaleshoni pa fupa la radius, lija lili mbali ya chala chachikulu, lomwe limathyoka kawirikawiri munthu akagwa n'kufikira chikhatho pansi. Kaya munaterereka pamatope ku Chikanda, kaya munagwa pa kabaza potsetsereka ku Chinamwali, kaya anakupangani pa Zomba Central pompano kapena anakutumizani ku Queens, njira yake ndi imodzi. Koma pomwe adokotala anu anena zosiyana ndi zomwe ndalemba apa, mverani iwo, X-ray yanu anaiona ndi iwowo.

Zoti mukhale nazo

- Buku lanu lakuchipatala, ndi foni yoti mujambulire X-ray
- Mapilo awiri kapena atatu, ngati palibe pindani bulangete
- Chitenje chokolekera dzanja m'khosi, ngati sanakupatseni chawo chakuchipatala
- Majumbo osabooka ndi kansalu komangira posamba
- Mankhwala onse omwe anakulemberani
- Malaya a manja aakulu otsegula kutsogolo, siketi kapena thalauza ya lasitiki, nsapato zopanda zingwe koma zosaterera
- Beseni, Vaseline, siponji, ndi botolo lopanda kanthu la 500 ml, izi zigwira ntchito kutsogolo
- Munthu wokuthandizani masabata awiri oyamba. Ichi ndiye chachikulu, gadiyani ntchito yake sithera pa geti ya chipatala ayi

Musanatuluke m'chipatala

1. Funsani kuti anakuikani chani. Timangoti "anandiika chitsulo" koma zitsulo zake n'zosiyana ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake. Pali puleti yomwe amaimanga pafupa ndi ma screw, nthawi zambiri amang'amba mbali ya chikhatho, iyi imakhala mkati ndipo kawirikawiri mfundo amakulolani kuyamba kuipinda msanga. Pali mawaya, eni ake amati ma K-wire, amawalowetsa kudzera pakhungu ndipo nsonga zake nthawi zina zimaonekera panja, awa amayenda ndi chikhakha ndipo amawazula pakatha masabata 4 mpaka 6. Ndiye pali chitsulo chakunja chija chimaonekera pamwamba pa mkono, chomwe amaika fupa likaphwanyika kwambiri kapena pakakhala bala lotseguka. Apempheni akulembereni m'buku, chifukwa tsiku lomwe mudzapite kukatsukitsa bala ku Matawale kapena ku chipatala chaching'ono chakwanu, anesi akumeneko adzadalira zomwe zalembedwazo.

2. Musachoke opanda mayankho awa. Ulusi adzachotsa liti komanso kuti? Bandeji ndisatsegule kapena ndizikatsukitsa? Mfundo ndiyambe kuipinda liti? A fiziyo, aja ophunzitsa mafizo, ndidzawaone tsiku liti? Manyazi apa sathandiza, mukangovomera kuti "eya adokotala" musanamve, mukafika kunyumba mudzayamba kufunsa aneba. X-ray ijambuleni pafoni, ya opaleshoni isanachitike ndi ya pambuyo pake. Ngati muli pantchito tengeranitu kalata. Ngati inali ngozi ya pamsewu mufunika lipoti la polisi ndi la chipatala, ndipo ngati munavulalira pantchito pali lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, nkhani yake imayambira ku ofesi ya leba, musadikire kuti muchire kaye.

Masabata awiri oyamba

3. Dzanja likhale pamwamba pa mtima. Kutupa ndi komwe kumabweretsa ululu wambiri komanso kuumitsa zala, ndiye masiku atatu mpaka asanu oyamba dzanja lisalendewere. Pogona sanjani mapilo pambali panu, chigongono chikhale pansi zala ziloze kudenga. Mukakhala pampando ikani chigongono pa tebulo dzanja m'mwamba. Mphete ndi zibangili vulani tsiku lomwelo zala zisanafufume.

Apa ambiri amaphonya pomanga chitenje. Amachimanga motayirira, dzanja n'kumalendewera pa mchombo, pofika madzulo zala zatupa zonse. Chimangidwe choti dzanja lifike pachifuwa, likhale pamwamba kuposa chigongono. Ndipo chitenjecho ndi choyendera panjira basi, mukafika pakhomo vulani.

4. Zala ziyambe ntchito mawa lake lomwe. Ngati muiwale zonse zomwe ndalemba, ichi chokha musaiwale. Zala sizinathyoke, ndiye palibe chifukwa choti zipume, ndipo zala zikauma zimavuta kuzibweza kuposa mfundo yeniyeniyo. Dzanzi la jakisoni wa ku fiyeta likangotha, yambani izi dzanja lili m'mwamba:

- tambasulani zala zonse mpaka ziwongoke, zitalikitseni, kenako ziphatikeni
- pindani nsonga zokha za zala, mfundo zazikulu za kuchikhatho zili chiwongokere
- pindani mfundo zazikulu zokha, zala zili chiwongokere
- fumbatani chibakera chonse, nsonga za zala zikhudze chikhatho kapena bandeji
- chala chachikulu chikhudze nsonga ya chala chilichonse mpaka chaching'ono

Chilichonse ka 10, ola lililonse lomwe muli maso. Zikumveka zambiri koma ndi mphindi zitatu zokha. Tcherani alamu pafoni kapena muzingopanga nthawi iliyonse nkhani zikayamba pa wailesi. Zikakana kupindika zithandizeni ndi dzanja labwino, mofatsa, gwirani pamenepo n'kuwerenga mpaka 10. Kukoka ndi kuwawa pang'ono kulipo ndipo sikuti mukuwononga kanthu, chitsulo chija anachiika kuti chigwire fupa inu mukusuntha zala.

Kugwedeza nsonga za zala pang'onopang'ono kuja anthu amachita akafunsidwa kuti "zala zikuyenda?" si mafizo ayi. Pamafunika kupinda mpaka kumapeto ndi kuwongola mpaka kumapeto. Pofika tsiku lochotsa ulusi mukhale mukutha kufumbata. Ngati chikhakha chafika mpaka pa zala moti mfundo zazikulu zikulephera kupindika, bwererani akachidule m'mphepete, musadule nokha ndi mpeni.

5. Phewa ndi chigongono. Katatu kapena kanayi patsiku kwezani mkono wonse m'mwamba, gwirani kunkhongo, yesani kufika kumsana, wongolani ndi kupinda chigongono. Makamaka amayi ndi abambo opitirira zaka 50, ndi omwe ali ndi shuga, phewa limauma msanga ndipo mutha kudzapezeka dzanja lachira koma mukulephera kupesa tsitsi.

6. Mankhwala. Ngati anakubayani jakisoni wochititsa dzanzi mkono wonse, dzanzilo litha kukhala mpaka tsiku lathunthu, ndipo likamatha ululu umabwera mwamphamvu, nthawi zambiri usiku. Ndiye imwani mankhwala a ululu dzanzi lisanathe, osadikira kuti muyambe kubuula. Panado wa 500 mg munthu wamkulu amamwa awiri maola 6 aliwonse, osapitirira mapilisi 8 pa maola 24, ndipo dziwani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali ndi panado kale mkati, musaphatikize. Bulufeni imwani mutadya ndipo ngati anakulemberani, koma amene muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena oyembekezera nenani kuchipatala musanamwe. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a gulu limodzi, kumwa awiri nthawi imodzi ndi kuotcha m'mimba chabe. Tramadol amachititsa chizungulire ndi kudzimbidwa, ndiye madzi ambiri, papaya, masamba. Ngati anakupatsani ma antibiotic malizani onse. Ma ARV, a shuga, a BP, pitirizani monga mwa masiku onse.

7. Bala ndi chikhakha zisanyowe. Posamba valani jumbo, mangani kumtunda ndi kansalu, dzanja likhale m'mwamba wina akuthireni madzi. Jumbo musaikhulupirire kwambiri, madzi amatsetsereka ndi mkono n'kulowa ndithu mukatsitsa dzanja. Bandeji ikanyowa pitani akasinthe tsiku lomwelo. Musaiumitse pa mbaula, khungu lomwe lili ndi dzanzi limapsa mwini wake osamva.

Kuyabwa kudzabwera, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mtima udzafuna kulowetsa kamtengo, cholembera kapena waya. Musatero, mukakanda pabala kapena pa waya mulowetsa matenda mpaka pafupa. Pepezani ndi katoni kuti mphepo ilowe, kapena gogodani pang'ono pamwamba pa chikhakha. Paudala ndi mafuta musathiremo. Amene muli ndi mawaya oonekera panja musawagwedeze, musawakoke, ndipo valani malaya mosamala asakole.

8. Izi zikachitika thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku.

- ululu ukukulirakulira, mankhwala sakuthandiza, ndipo wina akakuwongolani zala mukukuwa
- zala zazizira, zatuwa kapena zada, zatupa moti sizikusuntha
- dzanzi kapena kubayabaya pa chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati komwe kukuwonjezeka, uwu ndi mtsempha womwe umadutsa pakati pa mfundo, ukafinyika nthawi yaitali kumva sikubwerera bwino
- chikhakha chikufinya ngakhale mwakweza dzanja
- thupi latentha, bala likutuluka mafinya, likununkha, kapena kufiira kukukwera kumkono
- mwagwanso n'kufikira dzanja lomwelo

Kutentha thupi kuno timangoti malungo, n'kugula LA pa golosale. Mukatentha thupi muli ndi chitsulo chatsopano m'thupi, kayezetseni malungowo inde, koma bala nalo alione.

Kukhala ndi dzanja limodzi

9. Vomerani kuti ntchito zina zaima. Lamulo la masabata 6 oyamba ndi loti dzanja lodwalalo lisanyamule chinthu cholemera kuposa kapu ya tiyi, ndipo musalitsamire podzuka pa mphasa kapena pampando. Kudzukaku ndi komwe kumapweteketsa ambiri chifukwa thupi linazolowera, munthu umangozindikira wakankha kale pansi ndi dzanja lija. Ngati mumagona pansi, masabata amenewa pemphani bedi kapena ikani mpando pafupi woti muzigwira ndi dzanja labwino.

Povala yambani kulowetsa dzanja lodwala, povula limalizeni. Kuvundula nsima, kusinja, kufinya zovala, kutunga madzi, kubereka mwana n'kumanga chitenje, zonsezi zipite kwa ena. Amayi apa ndi pomwe mumalakwa, mumaona nsima ya ana anu ili ndi mibulu n'kulanda mthiko. Idyeni ya mibuluyo, masabata 6 si chaka.

Ngati lathyoka ndi lamanja, idyani ndi lamanzere kapena supuni, ndipo polandira kanthu kwa akuluakulu ingonenani kuti pepani ndilandira ndi kumanzere, palibe adzakutengeni wamwano akuona bandeji. Ku tchalitchi, ku mzikiti, pamaliro, anthu opatsa moni amagwira dzanja mwamphamvu n'kuligwedeza, ndiye likolekeni m'chitenje pachifuwa kuti aliyense aone. Mu minibasi ya ku Limbe kapena ya ku Liwonde pemphani mpando wakutsogolo kapena khalani mbali yoti dzanja lodwala likhale kuzenera, chikwama pamiyendo dzanja pamwamba pake, osati pakati pomwe akupanikizani anthu anayi. Kabaza, wa njinga yakapalasa ngakhale yamoto, mupeweni ngati n'kotheka, mukaterereka mulibe dzanja lodzitetezera.

Sabata yachiwiri mpaka yachisanu ndi chimodzi

10. Kuchotsa ulusi ndi kusamala chipsera. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Bala likatsekeka lonse, lopanda nkhanambo kapena madzi, ndi pomwe mungayambe kulisambitsa ndi kulisisita. Tengani Vaseline pang'ono, ikani chala chachikulu cha dzanja labwino pachipsera, kanikizani moti khungu liziyenda pamwamba pa mnofu, mozungulira, cham'mbali, chokwera ndi chotsika, mphindi 5 katatu patsiku. Pansi pa chipsera chimenecho pamadutsa mitsempha yokoka zala, ndipo chipsera chikamatirira pansi zala zimakoka movutikira. Ngati pamalopo pakunyerenyesa mukangokhudza, musapathawe, pazolowetseni, yambani kupasisita ndi nsalu yofewa, kenako thaulo, kenako lowetsani dzanja m'beseni la mpunga kapena nyemba zouma n'kumavundula.

Amene muli ndi mawaya ndi chikhakha, gawo ili ndi lotsatirali mudikire mpaka atachotsa. Inu pitirizani zala, chigongono ndi phewa. Kuzula mawaya amachita ku kiliniki komweko, nthawi zambiri osakugonetsani tulo, ndi kanthawi kochepa.

11. Kuyamba kupinda mfundo, akakulolani. Ambiri a puleti amaloledwa ulusi ukachoka, ena amauzidwa kudikira chifukwa fupa linali lofewa kapena linasweka tizidutswa tambiri. Akakulolani, viikani kaye dzanja m'madzi ofunda mphindi 10, ofunda osati otentha, yesani ndi dzanja labwino. Kenako:

- ikani mkono pa tebulo dzanja litulukire kumphepete, litsitseni pansi, likwezeni m'mwamba. Pokweza fumbatani zala pang'ono, apo ayi zala ndi zomwe zikweze, mfundo ili chikhalire
- chikhatho chili pa tebulo, pendeketsani dzanja kumbali ya chala chachikulu, kenako kumbali ya chaching'ono
- phatikani chigongono m'nthiti, tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba, kenako pansi
- gundanitsani zikhatho pachifuwa monga popemphera, tsitsani manja pang'onopang'ono zikhatho zisalekane

Ka 10 chilichonse, kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo pamapeto pomwe pakukokapo imani masekondi 20 mpaka 30.

Kutembenuza chikhatho kumwamba ndi komwe kumavuta kwambiri, komanso ndi komwe anthu amadzinamiza. Chigongono chikachoka m'nthiti, phewa ndi lomwe likutembenuza, osati mkono. Panani buku kapena thaulo lopinda m'khwapa, likagwa dziwani kuti mwabera. Chikamakana, gwirani mthiko pakati, mutu wake uli m'mwamba, ulekeni ugwere kunja pang'onopang'ono, kulemera kwake kukuthandizani kutembenuza. Mukafuna kuthandizira ndi dzanja labwino gwirani pamkono kumtunda kwa mfundo, osapotoza zala.

Mulingo wa ululu ndi uwu: kukoka ndi kuwawa komwe kukutha pasanathe ola mutamaliza ndi kwabwino. Ngati dzanja latupa n'kumawawa mpaka mawa lake, mwapitirira, chepetsani koma musasiye. Likatupa likwezeni, ikanipo ayisi wokulunga m'kansalu mphindi 15, magetsi akathima nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imathandizabe.

A fiziyo apiteni ngakhale thiransipoti ikuvuta, ngakhale kamodzi pa masabata awiri, chifukwa iwo amayeza kuti mfundo yafika madigiri angati ndipo amaona msanga ngati yaima. Koma musaganize kuti mphindi 30 za kumeneko ndi zomwe zikuchizeni, amakupatsani homuweki, ntchito yeniyeni ndi ya pakhonde panu. Kuti muone ngati mukupita patsogolo jambulani manja onse awiri pamodzi Lamlungu lililonse, maso anu a tsiku ndi tsiku sangaone kusintha koma zithunzi zionetsa.

12. Dyetsani fupa. Simufunika zakudya zodula. Matemba a ku Chilwa, usipa, bonya, zomwe timadya ndi minga yomwe, muli calcium wambiri. Onjezani bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru wotendera, nyemba, nandolo, soya, mazira, mkaka ngati mungathe, ndi zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe kuti bala lipole bwino. Otherani dzuwa pang'ono tsiku lililonse. Fodya ndiye mdani, amachepetsa magazi opita pafupa ndipo fupa limachedwa kugwirana, bala nalo limachedwa. Mowa, kaya kachasu kaya wa m'botolo, kupatula kuchedwetsa kuchira umakugwetsaninso. Amene muli ndi shuga, ikakwera bala limaola msanga, ndiye muziyezetsa.

Kuyambira sabata yachisanu ndi chimodzi

13. X-ray kaye, mphamvu pambuyo. Fupa ili limatenga pafupifupi masabata 6 kuti ligwirane, koma wonena kuti lagwirana ndi X-ray ndi adokotala, osati kutha kwa ululu. Akakuuzani kuti yambani kulimbitsa, yambani kufinya siponji m'madzi ofunda, kapena sokosi yokulunga, kapena dongo lofewa. Tsinani mapegisi oyanikira zovala ndi chala chachikulu ndi chala chilichonse. Kenako botolo lija la 500 ml, likadzaza madzi ndi theka la kilogalamu, ligwireni mkono uli pa tebulo n'kumakweza ndi kutsitsa, chikhatho chili pansi kenako chili kumwamba. Yambani ndi theka la botolo. Mukatha ka 15 katatu osatupa mawa lake, pitani pa lita imodzi, kenako malita awiri.

Kutsamira dzanja kumabwera pamapeto. Yambani kukankha khoma mutaimirira, kenako tebulo, pansi n'komalizira.

14. Kubwerera ku ntchito. Kulemba, foni, kompyuta, kusankha mpunga, kumanga mabatani, izi ambiri amayamba m'masabata oyambirira ndipo ndi mafizo abwino. Kuphika mphika waung'ono ndi kuchapa tinthu topepuka, pambuyo pa masabata 6 mpaka 8. Galimoto muyendetse pokhapokha chikhakha chitachoka, adokotala atavomera, ndipo mukutha kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi osamva kubaya. Khasu, nkhwangwa, musi, kusenza ndowa ya malita 20 yomwe ndi makilogalamu 20, matumba a chimanga, kuyendetsa kabaza, kutsitsa nkhuni kuphiri, zonsezi dikirani pafupifupi miyezi itatu ndipo mufunse kaye. Ngati mwathyoka chakumapeto kwa chaka, konzekeranitu za aganyu kumunda, khasu limagwedeza mfundo nthawi iliyonse likamenya nthaka youma.

Dzanja limapitiriza kusintha mpaka chaka chathunthu. Mphamvu yogwira ndi yomwe imachedwa, ndipo kuwawa mbali ya chala chaching'ono potembenuza kumatenga miyezi ingapo kwa anthu ambiri. Ena mfundo siifika ndendende pomwe inali, imatsala pang'ono, koma ntchito zonse amagwira.

Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Kulisunga dzanja ngati dzira. Mwezi wathunthu lili m'chitenje, achibale akukudyetsani, akukukanizani ngakhale kugwira supuni. Chikondi chake ndi chabwino koma chimaumitsa zala ndi phewa. Auzeni akuthandizeni zolemera, zopepuka akusiyireni.

Kupita kokathowa ndi kokakoka. Kuthowa ndi madzi otentha pabala la opaleshoni, kutema mphini n'kupakamo mankhwala, kapena kupita kwa munthu woti akakoke dzanja "libwerere m'malo". Fupa linabwezedwa kale ndipo lamangidwa ndi ma screw. Mphini pafupi ndi chitsulo ndi khomo la matenda, ndipo matenda akafika pachitsulo mapilisi okha nthawi zambiri sakwanira, pamafunika opaleshoni ina.

Kuvula chikhakha nokha chifukwa chikuyabwa kapena pali ukwati Loweruka. Ngati chikuvuta, akasinthe kuchipatala.

Kunyozera chala chachikulu chikasiya kugwira ntchito. Patatha masabata kapena miyezi, ena amangodzuka chala chachikulu chikukana kudzuka. Yesani chonchi: ikani chikhatho pa tebulo, kwezani chala chachikulu chokha. Chikakana, kapena nsonga yake ikakana kupindika, kapena mukumva kukhulana ndi kuwawa pamwamba pa puleti mukamachisuntha, ndiye kuti mtsempha wokoka chalacho waduka kapena ukukhulika pachitsulo. Mafizo sangaulumikize, pitani kwa a mafupa sabata yomweyo.

Kuganiza kuti akulodzani. Pali vuto lina lomwe madokotala amati CRPS, dzanja limawawa mootcha kuposa mmene bala likuonekera, khungu limanyezimira, limasintha mtundu, limatuluka thukuta, ngakhale nsalu kukhudza munthu amalumpha. Chifukwa X-ray imaonetsa kuti fupa lili bwino, anthu amayamba kuloza zala achibale. Ndi matenda odziwika a mitsempha, ndipo akapezeka msanga mankhwala ndi mafizo zimathandiza, kuchedwa ndi komwe kumalemaza.

Kujomba tsiku lobwerera poti "ndikupeza bwino". Masabata oyamba fupa litha kusuntha, waya kapena screw kusuntha, inu osamva kanthu.

Kuiwala kufunsa chifukwa chomwe fupa linathyokera. Mnyamata wogwa pa njinga yamoto ndi nkhani ina, koma amayi omwe anasiya kusamba akathyoka dzanja pongoterereka pabwalo kapena kubafa, nthawi zambiri mafupa ayamba kufooka, ndipo lotsatira litha kukhala la m'chiuno. Funsani adokotala za kulimba kwa mafupa anu, kayezetseni maso, konzani masitepe ogumuka, palani ndere kubafa, ndipo usiku muziyenda ndi tochi.

Kuvutika mtima ndi chitsulo. Sichichita dzimbiri, amapanga ndi titanium kapena chitsulo chapadera chosachita dzimbiri, ndipo sichiitana mphenzi monga ena amaopsezera. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, makamaka inu okhala cha kumtunda ku Mulunguzi ndi ku Chawe, ambiri amadandaula kuti mfundo ikuwawa ndi kuuma m'mawa, valani juzi ya manja aatali, viikani dzanja m'madzi ofunda, pangani mafizo anu musanayambe ntchito. Puleti ambiri amakhala nayo moyo wonse. Amachotsa pokhapokha ikukhula mitsempha, ikubaya kapena pali matenda, ndipo ngati si zadzidzidzi amadikira fupa ligwirane kotheratu, ndiye ikamakusowetsani mtendere tengani buku lanu ndi zithunzi za X-ray zija mukakambirane ndi a mafupa.